Kabokosi kobisika kamapezeka, nanga bwanji thumba la mpunga wa ku Jenala?

Mvula ikamatha, cha mu Malichi ndi Epulo, zina mwa mbalame zimene zimathera dzinja m'madambo a nyanja ya Chilwa zimanyamuka kubwerera ku Ulaya. Zimakafika chisanu chitangotha, mitengo ikuphuka, ndipo m'madambo otetezedwa a kumeneko zimakapeza anthu akuyenda foni m'manja, akusuzumira kunsi kwa timilatho tamatabwa ndi m'mphako za mitengo. Anthuwa sasaka mbalame. Amakhala akusewera masewera otchedwa geocaching.

Kaseweredwe kake nkosavuta. Wina amabisa kabokosi komwe muli kabuku ndi tizinthu totsika mtengo, n'kulemba pa intaneti manambala a GPS osonyeza pomwe kali. Wina, amene mwina sanafikeko kuderalo chibadwire, amatsata manambalawo pafoni mpaka kukapeza kabokosiko. Amasaina m'kabuku, akatenga kanthu amasiya kena kolingana nako mtengo, n'kubwezera kabokosi pamalo pake. Masewerawa anayamba mu Meyi 2000, boma la America litasiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba, yomwe kale inkaphonya ngakhale ndi mamita 100. Dave Ulmer anabisa ndowa yoyamba ku Oregon pa 3 Meyi chaka chimenecho, ndipo lero timabokosi totere tapitirira 3 miliyoni padziko lonse.

Wamalonda wa ku Jenala akhoza kuseka kuti awa ndi masewera a anthu okhuta. Sakulakwa. Koma aganizire izi: mlendo akupeza kabokosi kochepa ngati kamachesi pakati pa bango, pomwe wogula wochokera ku Limbe ndi lole yake akulephera kupeza matumba a mpunga ounjikidwa pakhonde masana dzuwa likuswa mtengo. Kabokosiko kali pamapu a m'foni. Mpungawo palibe. Kusiyana kwake nkomweko, ndipo kumadya phindu la mlimi ndi wogulitsa chaka ndi chaka.

Dera la Jenala ndi madera oyandikana nalo kumwera kwa Chilwa kumachokera mpunga, nandolo, mpendadzuwa komanso nsomba zouma: matemba, makumba ndi milamba. Koma wopikula wamkulu kawirikawiri amathera pamsewu waukulu, monga ku Migowi kapena ku Jali, poti ndi komwe akudziwa. Kuchoka pamenepo kulowa m'midzi amadalira wapakati amene amadziwa njira. Wapakatiyo amafika ndi sikelo yake, amatchula mtengo wake, ndipo mwini katundu amavomera chifukwa alibe wina womupikisana naye. Chimene wapakati amagulitsa kwenikweni si mpunga ayi. Amagulitsa kudziwa komwe mpunga uli.

Chida chothetsera zimenezi chili kale m'matumba mwa anthu. Foni iliyonse yamakono, ngakhale yotchipa, ili ndi GPS, ndipo pamtetete ngati kudambo imaloza malo mosaphonya kupitirira mamita ochepa. GPS payokha sidya bandulo. Bandulo imafunika potsegula mapu ndi potumiza. Wogulitsa akaima pakhomo pa nyumba yosungiramo katundu n'kutumiza malowo pa WhatsApp, dalaivala amafika popanda kuima pamphambano iliyonse kufunsa. Pa Google Maps munthu amatha kuwonjezera malo amene palibe, monga chigayo cha mpunga, okala kapena doko la asodzi, pamodzi ndi dzina, nambala ya foni ndi chithunzi, osalipira kanthu. Akampaniyo amayamba aunika asanawaonetse kwa aliyense, choncho ndi bwino kuchita zimenezi kukolola kusanafike.

Sizifuna kuti aliyense akhale ndi foni yotere. Gulu la banki m'khonde kapena kalabu ya alimi ikhoza kusankha malo amodzi osonkhanitsira katundu, kuwaika pamapu, n'kusankha munthu mmodzi woyankha foni. Wogula wamkulu sawotcha mafuta chifukwa cha matumba atatu, koma matumba a gulu lonse pamalo odziwika amamukoka. Ogula akakhala awiri kapena atatu, mtengo umayamba kukambidwa m'malo mongolamulidwa.

Pali zodandaula, ndipo si zachabe. Choyamba ndi akuba: amene waonetsa wogula njira waonetsanso mbava. Yankho lake ndi kusaika pamapu nyumba yogona kapena nkhokwe ya banja. Paikidwe malo apoyera, monga pamsika kapena pachigayo, ndipo malo enieni a katundu atumizidwe kwa wogula yekha mutagwirizana. Ndalama zambiri zidutse pa Airtel Money kapena Mpamba, osati m'chikwama. Chachiwiri ndi netiweki, yomwe m'madera ena a kunyanja imavuta. Apa nzeru ndi kusunga malowo m'foni uli pomwepo, n'kudzatumiza pofika pomwe ikugwira.

Chachitatu ndiye chachikulu, ndipo osewera geocaching m'madambo amachidziwa bwino: foni imaloza komwe chinthu chili, koma sidziwa kuti pakati pali thope. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukira, ndipo gombe lake limasuntha. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, inatsala pang'ono kutheratu mu 2018, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasefukiritsa mitsinje ndi kugumula misewu ndi milatho m'boma la Phalombe. Doko la chaka chino likhoza kukhala munda wa mpunga chaka chamawa. Choncho wotumiza malo awonjezere mawu: njira yodutsika ndi iti, lole imathera pati, ngolo kapena njinga yamoto imayambira pati. Wotumiza dalaivala m'thope sadzamuonanso.

Apa ndiye pomwe wapakati, wakabaza ndi wopalasa bwato sayenera kuopa mapu. Kudziwa njira ya m'dambo kudzakhalabe malonda. Chosintha nchakuti adzalipidwa poyera chifukwa cholondolera ndi kunyamula, osati mobisa podula mtengo wa mnzawo.

Nanga alendo osewerawo, angabweretse ndalama ku Jenala? Pano pafunika kusamala. Chilwa ili ndi dzina kunja: mu 1996 inakhala dambo loyamba m'Malawi kulembedwa pa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo, makamaka chifukwa cha mbalame zam'madzi. Phiri la Mulanje, komwe anyamata a ku Likhubula amapeza ndalama polondolera alendo ndi kuwanyamulira katundu, lili pafupi. Mlendo amene watsika phirilo akhoza kupatula tsiku limodzi kudzaona atsekwe, akakowa ndi avuwo ngati pamapu paoneka doko, bwato ndi nambala ya munthu. Koma alendo otere sabwera mwaunyinji ngati ogula tomato tsiku lamsika. Malamulo a masewerawa amaletsanso kubisa kabokosi pofuna kutsatsa malonda, kukwirira pansi, kuikamo chakudya, kapena kubisa popanda chilolezo cha eni malo, omwe kuno ndi mafumu ndi makomiti a m'mbali mwa nyanja. Aliyense wotenga katapila kuti amange malo ogona alendo chifukwa cha nkhani imeneyi adzagulitsa mbuzi pobweza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: mpamba ukhale mu mpunga ndi matemba, mlendo akhale wapamwamba chabe.

Komabe akabwera, ayenera kupeza choona. Mbalame yootcha imagulitsidwa kamodzi pamsika. Yamoyo ikhoza kulipiritsa bwato kangapo. Nchimodzimodzi ndi njedza ndi bango momwe nsomba zimaswera: wozitentha zonse kapena wokoka khoka nyengo yotseka nyanja akudya mpamba wa amayi ogulitsa matemba a chaka chamawa.

Ntchito yake ndi ya sabata imodzi, mpunga usanalowe m'matumba. Gulu likhale pansi, lisankhe malo osonkhanitsira, wachinyamata amene ali ndi foni akaime pamenepo n'kuwaika pamapu, ndipo nambala ikhale ya munthu amene amayankhadi. Kenako malowo atumizidwe kwa ogula osachepera atatu, a ku Limbe, ku Zomba kapena ku Mulanje, ndipo sikelo ya wapakati ikadzafika idzapeze eni katundu atamva kale mitengo ina.