Madisiki atatu, mboni zitatu

"Atsibweni, kompyuta yadya ukwati wa anthu."

Umo ndi momwe mwana wa mlongo wanga anandidzutsira pa foni sabata yatha, ali pa Boma ku Chama. Mnyamatayu amajambula maukwati ndi zinkhoswe, komanso amasungira kagulu kena ka alimi a mpunga ndandanda ya matumba omwe aliyense wapereka. Zonsezi zimakhala m'kompyuta imodzi yoyendera Linux, momwe mnzake wina adamumangira madisiki atatu pamodzi kuti azigwira ntchito ngati imodzi. Usiku magetsi anathima mwadzidzidzi. M'mawa kompyuta inayaka bwinobwino, koma nkhokwe ya zithunzi osaoneka. Atatsegula fayilo ya /proc/mdstat, yoonetsa momwe madisikiwo alili, anapeza liwu limodzi lozizira: inactive. Eni ukwati anali atanena kuti abwera Lachisanu kudzatenga vidiyo yawo.

Kumanga madisiki kotereku kumatchedwa RAID, dzina lomwe linafala ndi pepala la mu 1988 la David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku Berkeley. Mtundu wa mnyamata wangayu ndi RAID 5, ndipo nzeru yake mlimi aliyense wa kwa Kambombo kapena kwa Tembwe angaimve. Wina wabweretsa matumba 7, mnzake 5, mlembi walemba kuti onse pamodzi ndi 12. Pepala limodzi likatayika, mumachotsera n'kupeza nambala yosowayo. Akatayika awiri, basi mwagwira njakata. Madisikiwa amawerengera mwanjira yawoyawo, koma lamulo ndi lomwelo: imodzi ikafa ntchito imapitirira, ziwiri zikachoka zonse zimaima.

Chomwe chinandiimitsa mutu si kuthima kwa magetsi. Ndi zomwe ananena kenako: "Ndapeza pa intaneti kuti ndilembe mdadm --create, ndiyambe?"

Ndinachita kukuwa kuti achotse manja pa kiyibodi. Disiki iliyonse ya m'gulu lotere ili ndi kakalata kake, superblock, konena kuti ine ndine wa gulu lakuti, malo anga ndi achiwiri, ndipo ndinalemba komaliza nthawi yakuti. Lamulo la --create limafufuta makalatawo n'kulemba atsopano. Ukasokoneza ndondomeko ya madisiki kapena kukula kwa magawo ake, ndiye kuti wawotcha umboni mlandu usanazengedwe. Ndipo kusokoneza n'kosavuta, poti maina aja akuti sda ndi sdb amatha kusinthana kompyuta ikayaka kachiwiri.

Choncho tinayamba ngati pabwalo la amfumu: mboni iliyonse iyankhule payokha. Lamulo la mdadm --examine limangowerenga, silisintha kanthu. Ndinamuuza ajambule zotuluka pa disiki iliyonse anditumizire pa WhatsApp, ndipo poti netiweki inali yamanyazi, zithunzi zitatuzo zinafika nsima ya masana itapsa kale. Nambala ya UUID inali yofanana, kutanthauza kuti onse ndi a banja limodzi. Kenako tinayang'ana mzere wa Events, womwe umakwera gululo likamagwira ntchito. Madisiki awiri ankangosiyana pang'onong'ono. Yachitatu inali m'mbuyo ndi masauzande, ndipo tsiku lake lomaliza kulemba linali la miyezi inayi yapitayo.

Apa ndi pomwe panagona nkhani. Disiki imodzi inali itasiya kalekale, ngati munthu wa m'chilimba amene adaleka kubwera kumisonkhano koma dzina lake likadali m'buku. Kompyuta inkayenda ndi ziwiri osadandaula, mwini wake n'kumaona ngati ndi wotetezeka. Pulogalamu ya mdadm, yomwe Neil Brown adayamba kulemba mu 2001, imatha kutumiza imelo disiki ikagwa, koma womanga uja sanaiuze kotumiza. Magetsi atathima pakati pa kulemba, disiki yachiwiri inatsalira pang'ono, ndipo kompyuta inakana kulumikiza mboni zosagwirizana. Ena amaitukwana ikakana chonchi. Ine ndimaipatsa ulemu: bola kukana kusiyana n'kuganizira.

Tinazimitsa, n'kutsegula bokosi. Fumbi linali tho, ndipo amene adakhalapo m'chigwa cha Luangwa mwezi wa Okutobala akudziwa momwe zipangizo zimawawukira. Tinakhazika bwino mawaya, kenako pulogalamu yoyeza madisiki ya smartctl inaonetsa kuti disiki yakale ija ili ndi malo ambiri owonongeka, pomwe ziwirizo zili bwino. Akanakhala ndi madisiki apadera tikanayamba takopera ndi pulogalamu ya ddrescue n'kumayesera pa makope, koma madisiki otere sagulitsidwa pa okala iliyonse. Kuwapeza n'kudikira basi ya ku Lundazi kapena Chipata. Tinasankha kuyenda mwakachetechete. Tinalumikiza ziwiri zogwirizanazo ndi --assemble --force, yachitatu osaitchula n'komwe, chifukwa nkhani zake zakale zikanaipitsa za anzake. Gulu linadzuka. Tinalitsegula moti lizingowerengeka, osalembamo, ndipo usiku wonse anakopera zonse mu disiki yonyamula yomwe anabwereka.

Ndandanda ya alimi inapezeka yonse. Mwa mavidiyo, umodzi wokha womwe ankausunga nthawi yomwe magetsi amathima ndi umene unaduka, ndipo mwamwayi unali ukadali pa kadi ya kamera.

Mnyamatayu ankati madisiki atatu ndi makope atatu. Ayi ndithu, ndi nkhokwe imodzi ya miyendo yambiri. Mbala ikanyamula bokosi, mphezi ikaomba, kapena iye mwini akafufuta molakwitsa, zonse zimapita limodzi. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, dziko lonse linaphunzira kukhala mumdima maola ambiri pa tsiku, koma batire ya UPS yake, kachipangizo kopatsa kompyuta mphamvu magetsi akathima, inali itafa kale ndipo anali asanaisinthe.

Lachisanu eni ukwati anatenga vidiyo yawo osadziwa kalikonse. Disiki yatsopano yaitanitsidwa ku Chipata. Yakufayo akuti aziponderezera mapepala pa tebulo.