Chikalata cha asilikali opuma a ku Nsipe pa mbiri ya nthambi ya ndege za asilikali

Kwa akuluakulu a asilikali, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi Amalawi onse,

Ife asilikali opuma pamodzi ndi mabanja athu, okhala kuno ku Nsipe m'boma la Ntcheu, talemba chikalatachi poona kuti anthu ambiri obwera kudzaona manda a malemu Dr Saulos Klaus Chilima, yemwe anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, akamva za ndege ya asilikali amangokumbukira tsiku limodzi, la 10 Juni 2024, pamene ndege yomwe anakwera inagwa. Nthambi yomwe inkaulutsa ndegeyo inayamba mu 1976, ndipo amene anaiona ikuyamba akutha mmodzimmodzi popanda wowafunsa.

Inakhazikitsidwa m'nthawi ya Dr Kamuzu Banda ndi thandizo la dziko la West Germany. Ndege zoyamba zinali Dornier Do 27 za injini imodzi, kenako Do 28 za injini ziwiri, ndipo kwawo kunali ku Zomba. M'zaka za m'ma 1980 kunabwera Dornier 228. Kunalinso mahelikopita a Puma ochokera ku France. Mwa zonsezi munalibe ndege yogulidwira kuponya mabomba. Ntchito yake inali kunyamula asilikali, katundu, odwala, akuluakulu a boma, nthawi zina ngakhale maliro. Ndege za Dornier zimatha kutera pa bwalo lalifupi lopanda phula, ndipo mabwalo athu ambiri ndi otero.

Ndege ya nambala MAF-T03 inali Dornier 228, ndipo inali itatumikira dziko lino zaka zoposa 30. M'mawa wa pa 10 Juni 2024 inanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe kulowera ku Mzuzu ndi anthu 9, kuphatikizapo a Chilima, paulendo wa ku maliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Inapezeka mawa lake itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, onse atamwalira. Atatu mwa iwo anafera pa ntchito ya usilikali: a Colonel Owen Sambalopa, a Major Flora Selemani ndi a Major Wales Aidin. Pa 17 Juni, tikuika m'manda wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, maso onse anali kuno ku Nsipe, ndipo zinayeneradi kutero. Pempho lathu n'lakuti pa mwambo uliwonse wokumbukira ngoziyi, mayina atatuwa azitchulidwa pamodzi ndi maudindo awo.

Sitilowa m'mikangano ya ndale yokhudza ngoziyi. Komiti yofufuza yomwe ankatsogolera a Justice Jabbar Alide inanena mu Disembala 2024 kuti kunali nyengo yoipa komanso zolakwika za anthu. Chimene chimatisowetsa tulo ife amene tinavalapo yunifomu ndi zomwe anapeza akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany: ndegeyo inalibe makina osunga mawu a oyendetsa ndi mmene ulendo ukuyendera, ndipo batire la kachipangizo kosonyeza pomwe ndege yagwera linadutsa nthawi yake mu 2004. Zaka 20 kachipangizo kali chete! Msilikali akalamulidwa sabweza mawu, amangonyamuka. N'chifukwa chake wolamulayo ndiye ayenera kuyamba waonetsetsa kuti chida chili bwino.

Tikumbukirenso Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atadula misewu ndi milatho m'chigawo chakummwera, tinadalira ndege zochokera ku Tanzania ndi ku Zambia kuti chakudya chifike kwa anthu otsekerezedwa ndi madzi. Tikuwathokoza anansi athuwa, koma madzi osefukira sadikira kuti mnansi afike.

Choncho tikupempha aphungu athu kuti ndalama zokonzera ndege za asilikali zizioneka poyera mu bajeti, ndipo zizifika. Tikupemphanso akuluakulu a asilikali kuti oyendetsa ndege ndi amakaniko opuma, omwe ena adakali ndi mphamvu, alembedwe m'kaundula ngati gulu loitanidwa pakagwa zadzidzidzi ndiponso lophunzitsa achinyamata. Chaka cha 2026 ndi cha 50 chiyambire nthambiyi. Mbiri yake ilembedwe, m'Chichewa momwe, isanapite ndi eni ake.

Ife tayamba kusonkhanitsa zithunzi ndi nkhani za amene anatumikira ku Zomba ndi ku Lilongwe. Amene ali nazo aonane ndi komiti yathu kuno ku Nsipe. Tidzangozijambula n'kuzibweza kwa eni ake.

Wapampando ndi Mlembi,
m'malo mwa mamembala onse
Nsipe, Ntcheu