NICOLAAS JOUWE SANALI KAPIRIKONI

Alipo anthu amene amutcha Nicolaas Jouwe kuti Kapirikoni, ati chifukwa anakafera m'manja mwa Boma limene analimbana nalo masiku onse a mphamvu zake. Ife tikana mau amenewa.

Jouwe anabadwa m'chaka cha 1923 ku Hollandia, mzinda umene lero utchedwa Jayapura, kuzambwe kwa chisumbu cha New Guinea. Dzikolo linali m'manja mwa Atsamunda a ku Holland. M'chaka cha 1961 Atsamundawo analola kuti pakhale bwalo la aphungu la New Guinea Council, ndipo Jouwe anakhala wachiwiri kwa wapampando. Iye ndi mmodzi wa amene anakonza mbendera ya Nthanda, ya nyenyezi yoyera pa nsaru yofiira ndi mizere yoyera ndi yobiriwira ngati thambo. Inakwezedwa pa 1 December 1961, anthu nkumati kwacha.

Koma kunali kusanache. Pa 15 August 1962 Holland ndi Indonesia anasaina pangano ku New York, Amereka akuwakankha, pakuti ankaopa kuti Sukarno angapendekere kwa Arasha. Pa gome limenelo panalibe Mpapua ndi mmodzi yemwe.

Kodi ife nkhani yotere tikuimva kwa mlendo? Iai! M'chaka cha 1953 mafumu athu anaoloka nyanja kunka ku London kukakana Chitaganya, ndipo anabwerako chimanjamanja. Amene anafunsidwa ndi voti anali a ku Southern Rhodesia okha, pafupifupi onse Azungu. Tsono taonani chaka cha 1963: pa 31 December ife tinaika Chitaganya m'manda, koma pa 1 May chaka chomwecho Apapua anali atalowa kale m'goli la Indonesia.

Anawalonjeza kuti adzawafunsa. M'chaka cha 1969 anawafunsadi, koma mafunsidwe ake ndiwo a manyazi. Pa anthu pafupifupi 800,000 anasankhapo ongopitirira pang'ono 1,000, asilikari ali pakhomo, ndipo onsewo anabvomera ndi pakamwa pamodzi. Ife amene takhala tikuyendetsa misonkhano ya anchito tidziwa kuti ngakhale anthu khumi sangabvomerezane onse pa za mtengo wa khadi la yuniyoni. Ndiponso kampani ya Freeport inali itasaina kale pangano la migodi ndi Boma la Suharto m'chaka cha 1967, eni nthaka asanafunsidwe kanthu. Mkuwa ndi golide za ku Papua zinachita zomwe unachita mkuwa wa ku Copperbelt pa nkhani ya Chitaganya. Ndipo anchito a pa mgodi wa Grasberg ananyanyala nchito miyezi itatu m'chaka cha 2011 chifukwa cha malipiro ochepa.

Jouwe anali atachoka kwao m'chaka cha 1962, nakakhala ku Delft. Kuchokera kumeneko anagogoda pa khomo la United Nations ndi pa makomo a maiko a Afirika, kunena kuti ife ndife anthu akuda anzanu. Ghana inamva, niipempha m'chaka cha 1969 kuti Apapua afunsidwenso bwino, koma pempholo linagwa. Ambiri anachita manyazi kutsutsa Indonesia, mwini msonkhano wa ku Bandung wa 1955, monga ngati munthu amene anamenyedwapo sangamenye mnzake.

Zaka 47 ku dziko la chisanu! Holland yemwe anamulimbitsa mtima anasamba m'manja. Anzake anamwalira mmodzimmodzi. M'chaka cha 2009, ali ndi zaka 85, Boma la Indonesia linamuitana kuti akaone kwao, ndipo m'chaka cha 2010 anabwerera kukakhala, nayamba kunena kuti Papua akhale m'kati mwa Indonesia. Anamwalira ku Jakarta mu September 2017.

Mau ake omarizawo sitigwirizana nawo, ndipo tidziwa kuti Boma linamuyendetsa pamaso pa anthu monga mlenje aonetsa chikopa cha nyalugwe. Koma amene anakhalapo mtchona ku Joni kapena ku Wankie adziwa njala ya kumudzi m'mene iwawira munthu akakalamba. Nkhalamba ikatopa, mlandu wa mtundu wonse sutha nayo. Jouwe analibe mphamvu yopereka dziko m'chaka cha 2010, monganso anthu aja 1,000 analibe m'chaka cha 1969. Mbendera yake idakaopsabe Boma: Filep Karma anagamulidwa zaka 15 m'ndende chifukwa choikweza m'chaka cha 2004.

Mu January 2019 Benny Wenda, amene anathawa m'ndende m'chaka cha 2002 nakapeza malo ku Britain, anapereka kwa Michelle Bachelet wa United Nations chikalata chimene anati asaina Apapua 1,800,000, chopempha voti ya munthu aliyense. Tipempha nthambi iliyonse ya yuniyoni kuti pa msonkhano ukudzawu ilembere phungu wa dera lake, ndi kumufunsa kuti nthumwi zathu ku New York zidzaima mbali iti nkhaniyi ikadzafika pa bwalo.