Kumupatsa Kamera Sikokwanira, Mpatseninso Namkungwi

Masiku ano pafupifupi wophunzira aliyense amayenda ndi kamera m'thumba, chifukwa foni yathu yomweyi imajambula zithunzi zooneka bwino kuposa makamera amene akatswiri ankanyamula paphewa zaka 40 zapitazo. N'chifukwa chake anthu ena amadabwa akamva kuti ku Canada kuli mapulogalamu apadera ophunzitsa ndi kulangiza achinyamata a mitundu ya eni nthaka, anthu akuda ndi ena amene amasalidwa chifukwa cha khungu lawo, kuti adziwe kupanga mafilimu a zochitika zenizeni. Amafunsa kuti: kamera ili paliponse, YouTube n'njaulere, nanga chowaletsa n'chiyani? Ife tikuona kuti mapulogalamu amenewa ndi ofunika, ndipo mbiri ya dzikolo ikusonyeza chifukwa chake. Ikusonyezanso kuti maphunziro oterewa amabala zipatso pokhapokha ngati wophunzirayo ali ndi womugwira dzanja, ngati dzina lake lilembedwa pa ntchito yake, ndiponso ngati pali ndalama zoti apitirize sukuluyo ikatha.

Tiyambe ndi filimu imene ambiri amaitchula kuti ndiyo kholo la mafilimu otere. Mu 1922 Robert Flaherty anatulutsa Nanook of the North, imene anaijambula pakati pa anthu a mtundu wa Inuit kumpoto kwa Quebec. Munthu amene dziko lonse linamudziwa kuti Nanook dzina lake lenileni linali Allakariallak. Iye ankasaka ndi mfuti, koma mufilimumo anamuonetsa akusaka ndi mkondo basi. Anamuonetsanso akuluma mbale ya galamafoni ngati munthu amene sanaonepo chinthu chotero. Komatu anthu a Inuit omwewo ndiwo ankathandiza Flaherty kusamalira makamera ndi kutsuka filimu m'dera lozizira koopsalo. Luso anali nalo ndipo ntchito anaigwira, koma wosankha zoti dziko lione anali mlendoyo. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, eni nthaka a ku Canada anakhala anthu ojambulidwa, pamene ojambula anali ena.

Bungwe la boma lopanga mafilimu, National Film Board of Canada, linakhazikitsidwa mu 1939, koma linatenga nthawi kuti lizindikire vutoli. Mu 1967 linatulutsa The Things I Cannot Change, yonena za banja lina losauka la ku Montreal. Filimuyi itaonetsedwa pa wailesi yakanema, banjalo linasanduka choseketsa kwa anthu oyandikana nalo. Ojambulawo anali ndi cholinga chabwino, koma amene anasenza manyazi anali ojambulidwa. Chaka chomwecho pa chilumba cha Fogo ku Newfoundland, Colin Low anayesa njira ina: ankaonetsa asodzi zimene wawajambula asanazitumize kwina, kuti iwo anene ngati akuvomereza. Kuchokera m'maganizo amenewa, pansi pa pulogalamu ya Challenge for Change, mu 1968 munabadwa gulu lotchedwa Indian Film Crew. Achinyamata ochepa a mitundu ya eni nthaka anaitanidwa ku Montreal kuti aphunzire kujambula, kutenga mawu ndi kulumikiza zithunzi.

Zotsatira sizinachedwe. Willie Dunn, woimba wa mtundu wa Mi'kmaq, anapanga The Ballad of Crowfoot mu 1968 pogwiritsa ntchito zithunzi zakale zomwe azungu anajambula, n'kuziyika pamodzi ndi nyimbo yake kuti zifotokoze nkhani ya kulandidwa kwa dziko. Kumapeto kwa chaka chomwecho anthu a mtundu wa Mohawk a ku Akwesasne anatseka mlatho wolumikiza Canada ndi United States, pokana kulipira msonkho wa pamalire umene iwo ankati ukuphwanya pangano la Jay Treaty la mu 1794. Mnyamata wina wa gululi, Michael Kanentakeron Mitchell, anali mwana wa komweko, ndipo anaonetsetsa kuti kamera ifike pamlathopo. Filimu yake, You Are on Indian Land, inatuluka mu 1969. Apolisi amaoneka mufilimumo monga mmene anthu otsekera msewuwo ankawaonera.

Apa m'pamene pali phunziro limene tikufuna kuti tilisunge. Filimuyi itatuluka, dzina limene linalembedwa kuti ndi la wotsogolera linali la Mort Ransen, katswiri wachizungu wa bungweli amene ankagwira ntchito ndi achinyamatawo. Ransen mwiniwake ankanena kuti filimuyo ndi ya Mitchell, koma bungwe linakonza zimenezi mu 2017, patapita zaka 48. Taganizirani mmisiri amene wamanga nyumba yake yoyamba, anthu n'kumayamikira amene anamubwereka chipangizo choyezera khoma. M'ntchito ya mafilimu dzina ndilo chiphaso: wopereka ndalama amafunsa kuti unapangapo chiyani, ndipo ngati dzina lako palibe, ndiye kuti sunapange kanthu. Choncho pulogalamu iliyonse yophunzitsa iyenera kuyesedwa ndi funso ili: wophunzira akamaliza, ntchitoyo ikhala ya ndani?

Chitsanzo cha Alanis Obomsawin chikusonyeza mbali ina. Mayi ameneyu, wa mtundu wa Abenaki, wobadwa mu 1932, anayamba ngati woimba. Bungwe lomweli linamuitana mu 1967 kuti azilangiza pa mafilimu okhudza eni nthaka, ndipo anakhalabe momwemo, akuphunzira pogwira ntchito pafupi ndi akatswiri a kamera ndi olumikiza zithunzi. Filimu yake yoyamba, Christmas at Moose Factory ya mu 1971, anaipanga ndi zojambula pamanja za ana a mtundu wa Cree pamodzi ndi mawu awo. Pamene mkangano wa ku Oka unabuka mu 1990, tauni itafuna kukulitsa bwalo la gofu pa malo amene a Mohawk amati ndi awo, pafupi ndi manda awo, iye anali atakhwima kale pantchito. Anajambula mkanganowo, umene unatenga masiku 78, ali mkati mwa mpanda pamodzi ndi anthu ozingidwa ndi asilikali. Kanehsatake: 270 Years of Resistance inatuluka mu 1993. Lero mayiyu wapanga mafilimu oposa 50. Kuchokera pamene analowa m'bungwemo kufika pa filimu ya ku Oka panadutsa zaka zoposa 20. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe msonkhano wa masiku atatu kuhotela umene ungatulutse mmisiri wotero.

Nkhani ya anthu akuda a ku Canada nayo ndi yofanana. Ambiri sadziwa kuti ku Nova Scotia kwakhala midzi ya anthu akuda kuyambira m'zaka za m'ma 1780. Sylvia Hamilton, wobadwira m'mudzi umodzi mwa imeneyi wotchedwa Beechville, anapanga Black Mother Black Daughter mu 1989 pamodzi ndi Claire Prieto. Pambuyo pake anathandiza kuyambitsa pulogalamu ya New Initiatives in Film, yotsegulira khomo amayi akuda, amayi a eni nthaka ndi a mitundu ina yosalidwa. Mu 2007 anatulutsa The Little Black School House, yokumbutsa anthu a ku Canada kuti m'dziko mwawo munali sukulu zopatula ana akuda. Nkhani ngati imeneyi inali m'mitima ya agogo ambiri, koma panafunika mwana wa m'mudzimo, wodziwa khomo loti agogode ndi funso loti afunse, kuti ifike pa kanema.

Pali otsutsa, ndipo mfundo zawo si zopanda pake. Ena amati kusankha ophunzira potengera mtundu kapena khungu ndi tsankho lomwelo, longotembenuzidwa. Tikuyankha kuti ntchito ya mafilimu sinayambe yakhalapo yotsegukira onse mofanana. Munthu amalowamo kudzera mwa amene akumudziwa: amalume ake ali ku wailesi yakanema, mnzake wa kusukulu ndi pulojusa, makolo ake angathe kumudyetsa chaka chonse akugwira ntchito yosalipidwa. Mwana wa kumudzi wakutali kumpoto kwa Quebec alibe zonsezi. Ndiponso pafupifupi ana 150,000 a eni nthaka anachotsedwa kwa makolo awo n'kupititsidwa ku sukulu zogonera komweko, zoyendetsedwa ndi boma pamodzi ndi mipingo ina, kumene ankalangidwa akalankhula chinenero chawo. Komiti yofufuza za sukuluzi inatulutsa lipoti lake lomaliza mu 2015. Dziko limene linawononga ndalama zake kuti lithetse mawu a anthu silingadandaule kuti kuwabwezera mawuwo n'kukondera.

Ena amafunsa ngati tikutanthauza kuti mlendo asajambule nkhani ya anthu a mtundu wina. Ayi ndithu. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Zacharias Kunuk wa ku Igloolik anagulitsa ziboliboli zake zamwala ku Montreal mu 1981 n'kugula kamera yake yoyamba, ndipo mmodzi mwa anthu amene anayambitsa naye kampani ya Isuma mu 1990 anali Norman Cohn, wochokera ku United States. Filimu yawo Atanarjuat, yolankhulidwa m'chinenero cha Inuktitut, inapambana mphoto ya Caméra d'Or ku Cannes mu 2001. Cohn ndiye anagwira kamera, koma nkhani inali ya anthu a ku Igloolik ndipo wotsogolera anali Kunuk. Namkungwi wabwino amadziwa kuti gule si wake. Ntchito yake ndi kukonzekeretsa wovina n'kumusiyira bwalo.

Chodandaulitsa chenicheni, mmene ife tikuonera, ndi chakuti mapulogalamu otere amafa msanga. Indian Film Crew inangokhala zaka zochepa. Studio One, imene National Film Board inatsegula ku Edmonton mu 1991 kuti ikhale ya eni nthaka, inatsekedwa mu 1996. Ndalama zikachepa, khomo limene linatsegulidwa pomalizira ndilo limayamba kutsekedwa. Zikatere pamakhala anthu ophunzitsidwa kawiri katatu, okhala ndi masatifiketi odzaza chikwama, koma opanda filimu ndi imodzi yomwe. N'chifukwa chake lonjezo limene bungweli linapanga mu 2017, loti ndalama zosachepera 15 pa 100 zilizonse zopangira mafilimu zizipita kwa otsogolera a eni nthaka, ndi lolemera kuposa misonkhano khumi yophunzitsa.

Njira imene yatisangalatsa kwambiri ndi ya Wapikoni Mobile, imene Manon Barbeau anayambitsa mu 2004 mogwirizana ndi atsogoleri a mtundu wa Atikamekw ndi achinyamata a eni nthaka. Dzinali ndi la mtsikana wina, Wapikoni Awashish, amene ankagwira ntchito ndi Barbeau ndipo anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 2002. Mmalo moitanira achinyamata kumzinda, galimoto yokhala ndi makamera, makompyuta ndi chipinda chojambuliramo mawu imapita kumudzi n'kukhalako pafupifupi mwezi wathunthu. Akatswiri amakhala pambali pa wachinyamata kuyambira pa ganizo loyamba mpaka filimu itatha, ndipo anthu a m'mudzimo ndiwo amayamba kuionera. Mwa njira imeneyi papangidwa mafilimu afupiafupi oposa 1,000. Wophunzira sachoka pakati pa anthu ake, ndipo agogo amene wawajambula angathe kumudzudzula pamaso ngati wapotoza mawu awo.

Nkhaniyi si yachilendo kwenikweni kwa ife. Kuyambira mu 1948 bungwe la atsamunda la Central African Film Unit linkapanga mafilimu ophunzitsa anthu akuda a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri, koma olemba ndi otsogolera anali azungu. Ngakhale posachedwapa, mafilimu a zochitika zenizeni onena za Malawi amene anatchuka kunja, monga I Am Because We Are ya mu 2008 ndi William and the Windmill ya mu 2013, anatsogoleredwa ndi alendo. Sitikuwanyoza, anagwira ntchito imene anabwerera. Koma gulu lililonse lojambula likabwera kuno limadalira womasulira, woyendetsa galimoto ndi mnyamata wonyamula zipangizo amene amadziwa mfumu yoti ayambe kuionera. Ndi angati mwa amenewa amene pambuyo pake amatsogolera filimu yawoyawo?

Luso lilipo kale pakati pathu. Anyamata ndi atsikana amene amajambula maukwati, zinkhoswe ndi mavidiyo a makwaya amadziwa kuwala, mawu ndi kulumikiza zithunzi pa kompyuta. Chimene ambiri sanaphunzitsidwe ndi kufufuza nkhani, kufunsa mafunso modekha, kupempha chilolezo momveka, kulemba bajeti ndi kusunga bwino zimene ajambula. Zimenezi zimaphunziridwa pambali pa munthu amene anazichitapo. Tikupempha aphunzitsi ndi akatswiri amene ali m'mawailesi akanema kuti aliyense atenge wachinyamata mmodzi kapena awiri n'kuyenda nawo chaka chathunthu kufikira filimu itatha, dzina la wophunzirayo lili patsogolo. Mabungwe amene amalemba ntchito ojambula ochokera kunja aziika m'mgwirizano kuti m'gulumo mukhale wophunzira wa kuno, wolipidwa ndi wotchulidwa dzina. Ndipo ife ophunzira, tikapita kutchuthi, tikhale pansi ndi agogo amene anaona njala ya 1949 kapena referendamu ya 1993, tiwajambule atavomera, ndipo tiwaonetse zimene tajambulazo tisanaziike pa intaneti. Amene anaona njala ija ali ana, lero adutsa zaka 80.