Lendi ya 30 Peresenti Si Muyezo wa Munthu Wosauka

Inu amene mumagwira ntchito m'nyumba za anthu ndi m'mafamu, mwina munamvapo alangizi a zachuma akunena kuti lendi yoyenera ndi 30 peresenti ya malipiro. Amanena motsimikiza ngati kuti ndi lamulo la chilengedwe. Muyezo umenewu sunapangidwire inu, ndipo ukaikidwa pa malipiro anu umangobisa njala.

Unachokera ku America. Mu 1969, lamulo lotchedwa Brooke Amendment linati okhala m'nyumba za boma asamalipire kuposa 25 peresenti ya ndalama zimene amapeza, ndipo mu 1981 malirewo anakwezedwa kufika pa 30. Anali malire oteteza osauka kuti asaberedwe. Lero ena awasandutsa mtengo woti aliyense azilipira mosadandaula.

Werengerani nokha. Pa 1 Marichi 2025, malipiro otsikitsitsa ku South Africa anafika pa R28.79 pa ola. Pa mlingo wa 2025 umenewo, wogwira maola 45 pa sabata amalandira pafupifupi R5,600 pamwezi. Akapereka R1,680 ya lendi, amatsala ndi R3,920 yoti igule chakudya, magetsi ndi thiransipoti. Wolandira R50,000 akapereka gawo lomwelo amatsala ndi R35,000. Peresenti ndi imodzi, koma m'mbale mwawo simufanana. Komanso inu mumasamala makomo awiri, pakuti kumudzi kuli ana ofuna fizi ndi munda wofuna feteleza. Funso loona ndi ili: lendi ikachoka, chotsalacho chikwanira kudyetsa banja?

Amene mumagona pantchito, tcherani khutu. Malamulo a South Africa, Sectoral Determination 7 ya antchito a m'nyumba ndi Sectoral Determination 13 ya a m'mafamu, salola abwana kudula kuposa 10 peresenti ya malipiro chifukwa cha malo ogona. Pa R5,600, zimenezo ndi R560 basi. Ngakhale zimenezo sangadule pa nyumba iliyonse. Chipinda cha wantchito wa m'nyumba chikhale chosadontha, chokhala ndi zenera ndi chitseko chokhomeka, komanso chimbudzi ndi posambira. Nyumba ya pafamu ikhale ndi denga lolimba, magalasi m'mawindo, chimbudzi pafupi, ndi madzi abwino osapitirira mamita 100. Abwana odula ndalama pa chisakasa chodontha akuphwanya lamulo.

Choncho sungani chikalata cha malipiro cha mwezi uliwonse, jambulani chipinda chanu pafoni, ndipo yerekezani ndi anzanu zimene akudulidwa. Zikapyola malire, kadandauleni ku CCMA kapena ku ofesi ya zantchito. Mu 2008 khoti la zantchito linagamula kuti ngakhale mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito pamaso pa lamulo. Pitani muli gulu, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo dengalo mukulilipira ndinu.