Nyanja ya Chilwa ndi Zimene Kafukufuku Wapeza: Kalata ya Abusa kwa Akhristu ndi Anthu Onse Akufuna Kwabwino

Nyanja ya Chilwa ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno. Ili m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo chakum'mawa imakhudza dziko la Mozambique. Imasiyana ndi Nyanja ya Malawi pa chinthu chimodzi chachikulu: ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathira m'menemo, Mnembo nawo umabweretsa madzi ochokera ku Mozambique, koma madziwo akalowa amangochoka pouma ndi dzuwa ndi mphepo. Kumpoto kuli mtunda wamchenga umene umailekanitsa ndi Nyanja ya Chiuta, ndipo njanji yopita ku Nayuchi idadutsa pamenepo. Nyanjayi ndi yosaya. M'malo ambiri mwini bwato amaliyendetsa pokankha ndi nsungwi yogunda pansi. Ili ngati madzi a m'mbale yophwatalala yosiyidwa padzuwa. Mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, gombe limathawa, matope n'kutsala poyera.

Anthu oposa miliyoni imodzi amakhala m'chigwa cha nyanjayi, ndipo chaka chabwino gawo lalikulu la nsomba zodyedwa m'dziko muno limachokera kuno. Nyanja ikaphwa, abusa amazionera pafupi. Amuna amanyamula maukonde kupita ku Malombe, ku Mangochi kapena kutsidya kwa malire, ena osabwerako. Amayi ogulitsa matemba amatha mpamba, ana amasiya sukulu, atsikana amakwatiwa msinkhu usanakwane. N'chifukwa chake atsogoleri a mipingo aona kuti nkhani ya Chilwa si ya akatswiri a sayansi okha, komanso kuti mpingo sungailankhule bwino usanamve zimene akatswiriwo adapeza.

Kuphwa kwa Chilwa si kwachilendo. Nyanjayi idauma mu 1968 ndi mu 1995, idatsika kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 mabwato a pa doko la Kachulu adakhala pa matope ong'aluka, madzi ali kutali. Zolembedwa zakale ndi zokamba za akuluakulu zimatchulanso zaka zina zam'mbuyo. Ngakhale David Livingstone, amene adafika pa nyanjayi mu 1859, adaona kuti madzi ake ndi owawirako, chimene ndi chizindikiro cha nyanja yosatulutsa madzi.

Kafukufuku wozama adayamba mu 1966, pamene aphunzitsi a Yunivesite ya Malawi adayamba kuyeza madzi, zomera, tizilombo ndi nsomba za m'nyanjayi. Mwayi wa sayansi udali tsoka la asodzi: nyanja idauma ntchitoyo ili mkati, choncho akatswiri adatha kuiona ikufa ndi kuionanso ikutsitsimuka. Zotsatira zake zidatuluka m'buku la mu 1979 limene Margaret Kalk ndi anzake adakonza, ndipo mpaka lero ndi maziko a ambiri ofufuza za Chilwa.

Zimene adapeza n'zofunika kuti msodzi aliyense azimve. Madzi akamachepa, mchere umene uli m'menemo umakhalabe, motero madzi otsalawo amanka nawawa, amachita matope, ndipo mpweya umene nsomba zimapuma umachepa. Nsomba zambiri zimafa. Koma mitundu itatu imene usodzi wa Chilwa umadalira, matemba, makumba ndi milamba, siitheratu. Ina imakwera m'mitsinje n'kubisala m'maiwe akuya, ina imatsalira pamathiriro a mitsinje ndi m'madambo a njedza momwe mumakhala madzi abwinoko. Mlamba umapirira kuposa zinzake chifukwa umatha kupuma mpweya wa kunja. Mvula ikabwerera, nsomba zopulumukazo zimatsika n'kukaswana m'malo osefukira. Pamenepo udzu umene udamera pansi pa nyanja, pamodzi ndi ndowe za ng'ombe zimene zinkadya m'menemo, zimawola n'kusanduka chakudya cha tizilombo timene ana a nsomba amadya. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu usodzi umabwerera mwakale. Tanthauzo lake ndi lakuti mbewu ya nsomba za Chilwa imasungika m'timalo tochepa, todziwika, timene munthu mmodzi atha kukokolola tsiku limodzi.

Nzeru imeneyi idagwirapo ntchito. Nyanja itauma mu 1995, mafumu, asodzi ndi alangizi a boma adagwirizana zoteteza maiwe a m'mitsinje, ndipo adaletsa kupha nsomba ndi katupe, mankhwala a zomera amene amapha zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Inali nthawi ya njala ndipo lamulolo lidali lowawa, koma madzi atabwerera nsomba zidapezeka. Apa ndi pamene padayambira kuti anthu a m'midzi azitenga mbali poyang'anira usodzi wa Chilwa, ndipo lamulo la za usodzi la mu 1997 lidatsegula njira yoti zimenezi zikhazikike.

Pali maganizo awiri amene abusa akuona kuti akusokeretsa anthu. Oyamba ndi akuti kuuma kwa nyanja ndi chilango cha Mulungu pa mudzi wakutiwakuti, kapena ndi ntchito ya munthu womanga mvula. Zotere zachititsa kuti nkhalamba zosalakwa zilozedwe chala m'madera ena a dziko lino, ndipo mpingo ukuzikana kotheratu. Kupempherera mvula n'koyenera, koma pemphero silifuna kuti wina asenzetsedwe mlandu wa dzuwa. Achiwiri ndi atsopano ndipo amamveka ophunzira: akuti zonse ndi kusintha kwa nyengo, ndiye palibe chimene munthu wa ku Zomba kapena ku Phalombe angachite. Mawuwa ali ndi choonadi chake. Kutentha kukamakwera madzi amauma msanga, ndipo nyanja yosaya ngati iyi imamva msanga. Chilala cha El Niño cha 2015 mpaka 2016 chidatsogolera kuphwa kwa mu 2018. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yosaneneka, anthu mazana ambiri adafa m'chigawo chakummwera, midzi ya ku Phalombe idakokoloka, ndipo nyanja imene idali matope zaka zisanu m'mbuyo mwake idasefukira mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete. Utsi umene ukutenthetsa dziko lapansi udachokera makamaka m'maiko olemera, ndipo n'chilungamo kuti maikowo athandize. Komabe si mpweya wa ku Ulaya umene umatchera neti ya udzudzu pamathiriro a Likangala.

Chimene chasintha kwambiri kuyambira nthawi ya kafukufuku woyamba uja ndi mapiri ndi mitsinje. Madzi a Chilwa amabadwira m'mapiri a Zomba, Malosa, Chikala, Michesi ndi Mulanje. Phiri lokhala ndi mitengo limamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono, kotero mtsinje umayenda mpaka mu Okutobala. Phiri lometedwa limataya madzi onse tsiku lomwelo pamodzi ndi dothi. Dothilo limakakwirira maiwe omwe aja obisalamo nsomba, lina limakafika m'nyanja n'kuichepetsanso kuya. Aliyense woyenda mumsewu wa Zomba m'mawa amakumana ndi njinga zosenza matumba a makala atatuatatu, wokankha ali thukuta kamukamu. Munthu ameneyo n'ngosavuta kumudzudzula paguwa, koma makalawo amakathera m'mbaula za m'tauni, m'nyumba za aphunzitsi, apolisi, akuluakulu a boma, ndiponso za abusa. Usodzi nawonso umadya nkhalango, pakuti kuwamba milamba ndi makumba kumafuna nkhuni zambiri.

Nkhani ya ulimi wothirira ndi yovutirapo, ndipo siyenera kuweruzidwa mwachangu. Masikimu a mpunga monga a Domasi ndi Likangala adakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo adyetsa mabanja ambiri. Madimba a m'mbali mwa mitsinje ndiwo amapulumutsa anthu chimanga cha m'munda chikapsa. Palibe angauze mayi wamasiye kuti asiye kuthirira kuti matemba apeze madzi. Koma mtsinje ukatsekedwa ndi matumba a mchenga malo angapo m'chilimwe, kumunsi kumafika mchenga wokhawokha, ndipo khasu likalima mpaka m'madzi gombe limagumuka. Chofunika ndi muyeso: madzi angati akuyenda mumtsinje mwezi uliwonse, angati angapatutsidwe, angati ayenera kusiyidwa. Funso limeneli lili ndi yankho la manambala, ndipo popanda manambalawo wakumtunda ndi wakumunsi amangokangana, wamphamvu n'kupambana.

Madambo a njedza amene azinga nyanjayi ambiri amawayesa thengo lopanda ntchito, loyenera kutentha kuti papezeke munda kapena msipu. Kafukufuku adaonetsa kuti ndiwo amasefa matope, amasunga ana a nsomba, komanso ndi kwawo kwa mbalame za m'madzi zamitundumitundu, zina zochokera kutali kumpoto kwa dziko lapansi. Chifukwa cha zimenezi Chilwa idakhala malo oyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika a zamoyo. Nsomba zikasowa anthu amatembenukira ku mbalame, ndipo misampha imachuluka nthawi imene mbalamezo zikuikira. Buku la Deuteronomo, mutu 22, lili ndi lamulo lokhudza chisa cha mbalame: limaloleza munthu kutengako, koma limaletsa kutenga make pamodzi ndi ana. Baibulo silikuletsa kudya. Likuletsa kudula mbewu. Lamulo lotseka nyanja kwa makoka kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, pamene nsomba zikuswana, lili pa mfundo yomweyo, ndipo Mkhristu wolizembera asadzinamize kuti wangolakwira boma.

Pa zimbowera napo pali phunziro. Izi ndi timisasa timene asodzi amamanga pa udzu woyandama mkati mwa nyanja, ndipo amakhalamo milungu kapena miyezi osatsika kumtunda. Madzi akumwa, ophikira ndi chimbudzi ndi amodzimodzi, motero kolera yakhala ikubuka pa Chilwa kawirikawiri. Mu 2016, popereka katemera wakumwa wa kolera, azaumoyo adazindikira kuti msodzi wa pa zimbowera sangabwere kawiri kuchipatala. Ena adapatsidwa katemera wachiwiri kuti apite naye akamwe okha tsiku litakwana. Njirayi idabadwa chifukwa ofufuza adayamba aona mmene asodzi amakhalira, osati mmene ofesi ikufunira kuti azikhalira.

Zoterezi zidaonekanso m'ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kuzolowera kusintha kwa nyengo, imene idayamba mu 2010 ndi thandizo la dziko la Norway, motsogozedwa ndi mabungwe a LEAD ndi WorldFish pamodzi ndi nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM. Mwa zina, idalimbikitsa nyumba za pulasitiki zoumitsira matemba ndi dzuwa. Matemba oyanika pansi amatola mchenga ndi ntchentche, ndipo mvula ikagwa amawola. A pa thandala m'kati mwa nyumba yotere amauma aukhondo ndipo amagulidwa pa mtengo wabwino. Mauvuni owambira nsomba osatha nkhuni nawo adayesedwa. Vuto la ntchito zambiri zotere m'dziko muno n'lodziwika: thandizo likatha pulasitiki imang'ambika, komiti imabalalika, ndipo malipoti amatsala m'mashelefu m'Chingerezi chimene mwini nyanja sangawerenge. Kafukufuku amene adachitika pa anthu ayenera kubwerera kwa anthuwo m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe, pa wailesi, pa bwalo la mfumu ndi pa gombe.

Malamulo alipo okwanira. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kusamala chilengedwe poganizira mibadwo yam'tsogolo; pali lamulo la za chilengedwe la mu 2017, ndipo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020. Chimene chimapha lamulo ndi tsankho. Madandaulo amamveka m'magombe akuti ukonde wa mmphawi umatenthedwa pamaso pa anthu, pamene khoka la munthu wandalama limalandidwa masana n'kubwezedwa usiku. Amamvekanso akuti nthawi ya kampeni ena ofuna mavoti amauza asodzi kuti nyanja ndi yawo, asaope wina. Komiti ya pagombe ikaona zotere imagwa ulesi, ndipo palibe angaidzudzule. Abusa akupempha aphungu, makhansala ndi mafumu kuti aleke kugula chikondi cha anthu ndi nsomba zosabadwa, ndiponso kuti boma lipatse alangizi a usodzi ndi a nkhalango mafuta, mabwato ndi malipiro apanthawi, chifukwa mlangizi wosiyidwa wopanda kanthu ndiye amagwa msanga m'ziphuphu.

Mpingo nawo uli ndi mbali yake. Buku la Genesis limaonetsa munthu ataikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, kulima ndi kusunga, ndipo nkhani ya Yosefe ku Ejipito imaphunzitsa kuti zaka za dzinthu ndizo zokonzekera zaka za njala. Pa Chilwa zaka za madzi ambiri ndi zimene mabanja ayenera kulimbikitsidwa kusunga ndalama m'mabanki a m'mudzi, kugula mbuzi ndi kulipiriratu sukulu, podziwa kuti nyanjayi idzaphwanso. Mipingo ili ndi malo, masukulu ndi magulu a amayi ndi achinyamata. Ingathe kudzala mitengo m'mbali mwa mitsinje n'kuisamala mpaka itakula, osati kungojambulitsa pa tsiku lodzala. Ingathenso kusiya kumanga matchalitchi ndi njerwa zootcha ndi mitengo yachilengedwe, ndi kulengeza za nyengo yotseka nyanja pamodzi ndi zolengeza zina za Lamulungu.

Kwa aboma ndi mayunivesite, pempho ndi lakuti kuyeza kusaleke. Zida zoyezera mvula, kuya kwa nyanja ndi madzi a m'mitsinje zikhale zamoyo chaka chilichonse, ndipo wowerenga azilipidwa. Nyanja ikayamba kutsika, chenjezo lifike kwa asodzi ndi alimi miyezi ingapo zinthu zisanathine, maiwe obisalamo nsomba adziwike ndi maina awo, ndipo midzi yowayang'anira ilandire chakudya pa nthawi imene yaletsedwa kuphamo. Popeza Mnembo ndi gombe lakum'mawa zili m'manja mwa Mozambique, nyengo yotseka nyanja ndi mitundu ya maukonde oletsedwa ziyenera kukambidwa ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri, kuti msodzi woletsedwa ku Kachulu asamangowolokera kutsidya ndi khoka lomwelo.