Chipata chinatseguka, koma ana a ku Mulanje akutulukabe

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, makalasi a ku Mulanje anasefukira monga kwina konse m'dziko muno. Ana ankaphunzirira pansi pa mitengo, koma lonjezo linali lomveka: umphawi sudzatsekerezanso mwana njira ya kusukulu. Mu 1993 boma linali litavomera kale kuti mtsikana wotenga pakati azibwerera m'kalasi akachira. Lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana aliyense ayenera kuphunzira pulayimale, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti wosakwana zaka 18 asalowe m'banja ngakhale makolo atalola.

Papita zaka zoposa 30 chichotsereni fizi ku pulayimale, ndipo phindu lake likuoneka. Alipo anamwino ndi aphunzitsi lero amene akanathera pakhomo chikhala kuti fizi inalipobe. Komabe malamulo onsewa anakonza za polowera. Za mwana amene walowa kale, nayamba kujomba ali Sitandade 7 kapena Fomu 2, sitinaziganizire mokwanira.

Ku Mulanje nkhaniyi imayambira pa nthaka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'bomali, ndipo malo aakulu achonde m'mphepete mwa phiri ndi minda ya tiyi. Mabanja ambiri amalima kamunda kosadyetsa banja chaka chathunthu. Ufa ukatha mu Januwale, mnyamata amawoloka malire pa Muloza kukagwira ganyu ku Mozambique, wina amasenza makala kuchokera m'phiri, wina amapalasa kabaza tsiku la msika wa Limbuli. Amajomba tsiku limodzi, kenako sabata, kenako amachita manyazi kubwerera chifukwa anzake amusiya kutali. Mtsikana amene wasankhidwira ku sekondale yoyendera yakutali amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, ali yekha, wopanda ndiwo ndi sopo, ndipo pamenepo ndi pomwe abambo a ndalama amamupezera. Za atsikana timalankhulako. Za anyamata, omwe amachoka mwakachetechete, misonkhano yathu imangodutsapo.

Mavuto awiri anaonjezera bala. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mimba ndi maukwati a ana zinachuluka m'dziko lonse. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri, nawononga midzi ya kwa Njema ndi madera ena, ndipo sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Banja lotaya nyumba ndi mbewu limayamba lafuna chakudya, yunifolomu n'kubwera pambuyo.

Njira zothandiza tikuzidziwa, ndipo zina zinayesedwa kuno kwathu. Mu 2008 ndi 2009 ofufuza anapereka kandalama ka mwezi ndi mwezi kwa atsikana a ku Zomba ndi makolo awo. Amene ankalandira pokhapokha akamapita kusukulu, anajomba ndi kusiya sukulu mocheperapo. Pamene ndalamayo inkaperekedwa popanda lamulo lililonse, mimba ndi maukwati zinachepa. Koma ofufuzawo atabwereranso patapita zaka, anapeza kuti phindu lambiri linazilala ndalamayo itasiya. Phunziro limeneli ndi lolemera kwa ife amene timaombera m'manja pulojekiti ya zaka ziwiri pomwe sekondale ndi ya zaka zinayi. Nchifukwa chake ntchito zokhalitsa ziyenera kulemekezedwa: Mtukula Pakhomo, yemwe amaonjezerako kandalama pa mwana wa sukulu, phala la kusukulu, bungwe la Friends of Mulanje Orphans lomwe lakhala likusamala ana amasiye kuyambira 2000, komanso magulu a amayi oyang'anira atsikana, omwe amayenda khomo ndi khomo osalandira kanthu.

Mu 2025 boma linalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 sekondale zake zikhala zaulere. Tikulilandira lonjezoli, koma tikukumbukiranso 1994. Fizi ikachoka, njala, mtunda, yunifolomu ndi kuchepa kwa malo ku sekondale zimatsalabe, ndipo ndalama zimene makolo ankasonkha poyendetsa sukulu ziyenera kuchokera ku boma pa nthawi yake.

Muyeso wa zaka zikubwerazi ukhale wa omaliza Fomu 4, osati olembetsa Fomu 1 okha. Khonsolo ya Mulanje ingathe kumalengeza chaka ndi chaka chiwerengero cha ana osiya sukulu m'dera la mfumu iliyonse, kaya kwa Mabuka, kwa Chikumbu kapena kwa Mkanda, anyamata paokha ndi atsikana paokha. Thandizo la basale likayamba pa mwana, lifike naye pa mayeso a MSCE. Ndipo mwana akajomba masiku atatu otsatizana, mphunzitsi adziwitse gulu la amayi ndi nyakwawa sabata yomweyo, mwanayo asanawoloke malire.